Chambo Pakamwa, Usipa Mumphika

Mukafuna kuyambanitsa anthu ku Mangochi kuno musavutike ndi ndale kapena mpira. Ingoimani pa mjigo, pa chigayo kapena pamene amaima akabaza, mufunse mwaulemu kuti chambo amaphika bwanji. Mukatero sunthirani pambali, chifukwa dzuwa lilowa mlandu usanathe. Pa nkhani imeneyi tonse ndife akatswiri, ndi aja omwe sanagwirepo mthiko chibadwire.

Ena amati chambo chenicheni n'chamadzi: uchipale mamba, uchitumbule, uchigoneke mumphika ndi tomato, anyezi ndi mchere, madzi pang'ono, moto wofatsa, basi. Amenewa akamva kuti wina wathiramo mafuta amagwira pakamwa, amati nsomba ili ndi mafuta akeake ndipo kuwonjezera ena n'kuinyoza. Ena amalumbira kuti chambo chosayamba chakazingidwa chimamveka fungo la m'madzi, mlendo sangachidye ndi mtima umodzi. Gulu lachitatu, lomwe ambiri ake ndi akumtunda cha ku Namwera ndi kwa Katuli, limati nonsenu mukutaya nthawi, nsomba yokoma ndi yowamba, yoti yamva utsi, uiphike mpaka msuzi ufiire. Pomwe magulu onse atatu amagwirizana ndi pamodzi pokha: mumphika wa chambo simulowa chipande. Ukafuna kuti msuzi uyende umagwedeza mphika wonse. Mtengwa amene anaphwanyapo nsomba pamaso pa apongozi akudziwa kuti nkhani yotere siifa, imakumbukiridwa mpaka pa chinkhoswe cha mwana wake.

Koma akatswiri omwewa afunseni kuti chambo anachidya liti komaliza. Wina amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga nyenyezi. Wina amati pa Idi. Wina amati pa ukwati wa mphwake, kenako n'kukayika yekha ngati chinali chambo kapena makumba. Chambo timachiona ndithu, sitingakane. Timachiona chili lende pa galasi la galimoto mumsewu wochokera ku Monkey Bay, mphepo ikuchiwomba, chikupita kukadyedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Timachiona m'manja mwa anyamata ochiimika m'mwamba pamsewu, amene akaona nambala ya galimoto yachilendo mtengo umakwera galimotoyo isanaime. Ife eni nyanja timatsala ndi luso lofotokoza kaphikidwe kake.

Zoti chambo chachepa si mphekesera. Akuluakulu a ku Malombe amakumbukira mabwato akubwera atalemedwa, ndipo amakumbukiranso kuti pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitazimirira m'nyanja yawo, mutatsala kambuzi. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pamndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Pa 1 Novembala chaka chilichonse boma limatseka nyanja ku makoka ena kuti nsomba ziswane mwamtendere. Zonsezi palibe amatsutsa. Chomwe timakangana ndi choti wolakwa ndani. Wa bwato laling'ono amaloza sitima za makoka akuluakulu. Wa sitima amaloza wa khoka losokerera neti ya udzudzu, lija limakokolola ndi ana a nsomba omwe. Anganga amati nyanja inakwiya chifukwa ana amakono salemekeza miyambo. Chodabwitsa n'choti aliyense wa oloza chalawa, akapeza kasawala, kamwana ka chambo kaja, kotchipa madzulo, amagula mwakachetechete n'kuphimba ndi masamba m'basiketi.

Kwabweranso chambo chowetedwa, cha m'makola a m'madzi ngati aja a Maldeco ndi cha m'maiwe. Ena amati amachizindikira ndi lilime pa nthongo yoyamba, sichifika pa cha m'nyanja. Ena amati kupatsidwa ziwiri m'mbale imodzi, odziwa kwambiriwo amatamanda cholakwika. Ife sitinapezebe munthu wolemera mokwanira woti agule zonse ziwiri tsiku limodzi kuti tiyese.

Ndiye pali nkhani ya mutu. Tonse tinamva kuti mlendo wamwamuna akadya mutu wa chambo sabwereranso kwawo. Ena amati muli mankhwala, ena amati mankhwala ake ndi kukoma kokhako. Umboni amaloza aphunzitsi, apolisi ndi akalaliki amene anabwera kudzagwira ntchito zaka ziwiri, lero ali ndi zidzukulu ku Mpondasi. Komatu alipo anadya mitu yosawerengeka n'kusamutsidwa ndi kalata imodzi, ndipo alipo sadya nsomba n'komwe koma anamanga ya malata n'kukhazikika. Ife tikuona ngati mutuwo akungounamizira, afunsidwe amene anaphika. M'nyumba zambiri mkangano weniweni ndi woti mutuwo adye ndani. Mwambo umati ndi wa bambo. Ana amati bambo atenga kale pakati. Mayi amene waphika amangoti iye nsomba sakonda kwenikweni, msuzi ukumukwanira, bodza limene tonse tinakula tikulikhulupirira.

Tsono tibwere ku mphika weniweni, uja umakhala pamoto Lolemba mpaka Lamulungu. Muli usipa. Muli utaka, muli bonya, tsiku labwino muli mcheni kapena kampango wowamba. Usipa ndi umene watilera, koma ulemu timapereka kwa chambo, ngati mwana wotamanda amalume a ku Joni obwera kamodzi pa chaka, kuiwala mayi womudyetsa tsiku ndi tsiku.

Nawo usipa uli ndi zipani zake. Ena amakhala pamkeka kuchotsa mitu ndi matumbo kamodzikamodzi, amati ndi momwe mumakhala kuwawa. Ena amati wochotsa mitu ya usipa njala sanaione, ndipo a zaumoyo amawaikira kumbuyo, amati kansomba kodyera kumodzi ndi minga yake ndi kamene kamalimbitsa mafupa a ana. Pali okonda wofutsa, uja amayamba auviika m'madzi otentha a mchere asanauyanike pa thandala. Pali okonda wongoyanika padzuwa. Pali okonda wauwisi wa m'mawa womwewo, wa ku Msaka, Chembe kapena Makawa, umene a m'tauni amangoumva m'nkhani. Pa kaphikidwe ndiye pamavuta. Mayi wa nyumba iyi amati uyambe waukazinga pouma wopanda mafuta, kenako uutsuke m'madzi ofunda kuti mchenga utsike, ndiye ubwerere pamoto ndi tomato. Mayi wa nyumba inayo amati kutsuka kuyambe, kukazinga kutsatire, zinazo n'zachibwana. Akhoza kusiyana pa mfundo imeneyi zaka 20, uku akubwerekana mchere tsiku lililonse, ndipo ana awo akudyera uku ndi uko osamva kusiyana.

Mtengo wake ndiye umatiphunzitsa kuyang'ana kumwamba kuposa a zanyengo. Usipa amaupha usiku, amaukopa ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri nyali zija zimachepa mphamvu ndipo chigoba chimakwera. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira mabwato amagona pamchenga, mulu pamsika umachepa ngati ukuchita manyazi. Ogula amati ogulitsa amanamizira mwezi ngakhale kuli mdima wa ndiwe yani. Ogulitsa amati ogula amafuna mtengo wa dzana ndi ndalama ya lero. Onse akunena zoona.

Mphekesera ina imabwera n'kupita ngati mwera womwewo, yoti ogulitsa ena amathira nsomba mankhwala kuti isawole. Chifukwa cha iyo tili ndi akatswiri atsopano, a ntchentche. Amati benchi yopanda ntchentche uilambalale. Kale tinkathawa nsomba ya ntchentche, lero tikuisaka, ndipo wogulitsa waukhondo amene amapukuta benchi lake ndiye akukayikiridwa. Amayi achikulire amangoseka. Iwo amayang'ana diso la nsomba ngati lili lowala, amadina mnofu ndi chala ngati ukubwerera, amanunkhiza, amalipira.

Mawu akuti kambuzi nawo aphwanyitsa mitima. Kuno kambuzi ndi kansomba ka ku Malombe, kambuzi ndi tsabola uja wonunkhira wowotcha mpaka m'makutu, kambuzinso ndi kamwana ka mbuzi. Imamveka nkhani ya bambo wina amene anatumidwa kambuzi wa ndiwo n'kubwera ndi tsabola wodzaza jumbo. Ena amati anali mlendo wakumpoto, ena amati anali mwana wa konkuno wochenjera amene chenji chinathera kwina. Dera lililonse limati bamboyo ndi wa dera linalo. Wobwera ndi mbuzi yeniyeni sanamvekepo, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa.

Pa masamba abambo ndiye amakhala ndi mawu ambiri. Akaona nkhwani, bonongwe, kholowa kapena chigwada masiku awiri otsatizana amafunsa ngati m'nyumba muno akuweta mbuzi. Mayi amayankha kuti mbuzi imabwera ndi msipu wake, iwo abwera ndi chiyani? Kwa zaka zingapo kutendera kunkaoneka ngati kwachimidzi, aliyense amafuna ndiwo zonyezimira mafuta kuti oyandikana nawo amve fungo la anyezi akukazingika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la mafuta linasanduka tijumbo ting'onoting'ono toyezera ndi supuni, ndipo mtondo wa nsinjiro unatuluka kuseri kwa chitseko. Lero omwe aja ankanyoza thendo ndi amene akutiphunzitsa kuti limapatsa thanzi, ngati alitulukira okha. Ena afika potendera usipa womwe, ndipo amene analawa sakutsutsa. Tomato akadula, nyengo ya mango ena amadulira mango wamuwisi mumsuzi wa nsomba kuti uwawase. Ena amati ndi umphawi, ena amati ndi luso, koma mbale imabwerera yoyera.

Therere lili ndi mlandu wakewake. Anganga amati lopanda chidulo si therere. Apabanja achitsikana amathira soda wa m'sitolo. Alangizi a zaumoyo amati zonse ziwiri zimapha zofunika m'masamba, ndipo amatikumbutsa za magulu 6 a zakudya amene tonse tinawaloweza ku sikelo ya ana. Timawatchula bwinobwino osaphonya ngakhale limodzi. Kuwakumanitsa m'mbale imodzi pakati pa mwezi ndiye nkhani ina.

Nsima nayo sinapulumuke. A ufa woyera amati mgaiwa ndi wa kusukulu yogonera komweko ndi kundende. A mgaiwa amati woyera ndi wokongola chabe, zonse zabwino zinatsala ku madeya, nkhuku ndi zimene zikunenepa. Mlendo akabwera, ngakhale mlaliki wamkulu wa mgaiwa amatuma mwana kukabwereka ufa woyera kuseri kwa nyumba. Mpunga timaukonda, pa Idi, pa Khirisimasi ndi pa ukwati umasowa pouika. Koma mupatseni munthu mbale yodzaza mpunga madzulo, m'mawa mukamufunsa akuuzani kuti anagona ndi njala, anangolawa kampunga.

Mwezi wa Ramadan ndi umene umatigwirizanitsa pang'ono. Dzuwa likamapendeka fungo la futali limadzaza mudzi, chinangwa kapena mbatata zophikira nsinjiro, pambali phala la mpunga ndi tiyi. Ena amati dzina lakuti futali linachokera kumeneko, ku chakudya chomasulira kusala, ena amati agogo awo ankaphika futali asanamve za zimenezo. Chomwe taona ife n'choti mwezi umenewu anzathu achikhristu amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi uthenga wofunika kwa achimwene a nyumba yoyandikana, ndipo uthengawo umafika nthawi yofanana tsiku lililonse. Eni nyumba amadziwa, amangowonjezera mbale. Pa Khirisimasi ulendo umabwezedwa, bola nkhuku ikhale yochinja bwino.

Ndipo tisaiwale amuna ophika. Pitani ku gombe m'mawa mukaone asodzi atazungulira mafuwa atatu: nsomba yongotuluka m'madzi, mchere, tsabola, nsima yolimba yoti ukagenda nayo galu akhoza kukomoka. Ambiri amavomereza kuti msuzi wa kumeneko sufanana ndi wina uliwonse. Asodzi omwewo akafika pakhomo sadziwa pomwe pamakhala machesi. Iwo amati moto wa kunyumba ndi wosiyana ndi wa kugombe. Akazi awo amati kusiyana kwake n'koti kugombe kulibe wowaphikira.

Nzeru zonsezi zimayenda pakamwa, pa mjigo, ku banki m'khonde, kuseri kwa nyumba ya maliro kumene miphika ikuluikulu imasonyeza amene amadziwa ndi amene amangolankhula. Achinyamata abwera ndi zawo za pa foni, zofuna uvuni, batala ndi zonunkhiritsa zomwe mayina ake ngakhale wogulitsa pamsika wa pa boma sanawamvepo. Amayesa kamodzi, makala amatha, amabwerera kwa anganga kukafunsa kuti madzi a usipa amathira ochuluka bwanji. Anganga amayankha kuti ongokwanira, ndipo muyeso umenewu sunalembedwepo paliponse.

Chigamulo chathu nachi. Mlandu wa chambo chamadzi ndi chambo chokazinga tauimitsa kaye mpaka tsiku limene mmodzi wa odandaula adzabwere ndi chambocho m'manja, tidzalawe tonse. Wa mitu ya usipa tagamula kuti wochotsa azichotsa, koma asataye, atipatse ife. Ndipo mbale ya ulemu yapita kwa mayi uja amene ndi mulu umodzi wa bonya, tomato awiri ndi nsinjiro za m'kapu amadyetsa anthu 8, mlendo wa mwadzidzidzi n'kupezanso pake.