Bawo Wovala Jekete

Atsibweni,

Za moni tinathana pa foni, ndiye ndingolunjika pa chimene chandisowetsa mtendere. Kuno ku Johannesburg kuli abambo a ndevu zawo, ena a madazi, amene Loweruka amasonkhana m'masitolo a zidole n'kumamenyanitsa tindege tapulasitiki pa tebulo. Masewerawa amati Star Wars: X-Wing, ndipo anatuluka ku America mu 2012 potengera mafilimu a George Lucas. Mutawaona atawerama, diso limodzi atatsinzina, lula ali m'manja ngati kalipentala woyeza chitseko, mungati mitu inazungulira. Ine ndikuti ayi. Ameneyu ndi bawo wathu yemwe uja, wangovala jekete.

Umboni ndi uwu. Bwalo lake ndi masentimita pafupifupi 91 mbali zonse, ndipo ndege ikatulukamo yafa. Asanasunthe kanthu, aliyense amasankha mobisa pa kagudumu kakatoni mmene ndege yake iyendere, n'kukavundikira. Akavundukula palibe kubweza, monga mmene inu mumakanira pa Chitakale munthu akatola nkhomo n'kufuna kuzibwezera m'dzenje. Ndege siyendanso mwachisawawa. Pali tizidutswa toyezera: kowongoka, kokhota madigiri 45, ndi kokhota 90. Amaika kachidutswa kumphuno kwa ndege, n'kuinyamula kukaikhazika kumapeto kwake. Msampha uli pamenepa. Kachidutswa kowongoka ka nambala 1 ndi masentimita 4, phazi la ndege yaing'ono ndi 4 nalonso, choncho mphuno imasuntha 8. Ndege yaikulu, ya phazi la 8, imasuntha 12 pa nambala yomweyo. Woiwala kuwerengera phazi amakadzigunditsa pa mwala wa mumlengalenga, chimodzimodzi waphuma pa bawo amene sawerenga nkhomo za m'dzanja, n'kukagona pa dzenje lopanda kanthu mnzake akumwetulira.

Kuombera nakonso n'kwa lula. Lulayo ndi masentimita 30, wogawidwa patatu. Mdani akakhala m'gawo loyamba, woombera amawonjezera dayisi imodzi. Akakhala m'gawo lachitatu, woomberedwayo ndiye amawonjezera yodzitetezera. Kupitirira apo, ngakhale mutatukwana, chipolopolo sichifika. Ndege zambiri zimaomberanso kutsogolo kokha, ndiye nzeru yonse ndi kukaima pamene iwe ukumuona mnzako koma iye akuona khoma. Nanga pa bawo timadya paliponse? Timadya dzenje loyang'anizana ndi lathu basi, ndipo katswiri ndi amene amadziwa pokathera dzanja asanatole n'komwe.

Ndikudziwa mutsutsa. Mudzati bawo alibe madayisi, choncho awa ndi a juga. Koma poombera dayisi imaponyedwa pokhapokha lula atavomera. Amene waima pabwino mnzake saponya n'komwe dayisi yoombera, mwayi umangomuthera m'manja. Mudzatinso kumwamba kuli m'mwamba ndi m'munsi, ndiye nkhondo ya mumlengalenga ingamenyedwe bwanji pa tebulo lafulati? Atsibweni, inu mwakhala mukudya nkhomo za anthu chiyambire nthawi ya Kamuzu, koma sindinamve kuti tsiku lina munakhuta. Masewera onse amanamizira kenakake. Pamene ndikugonjerani ndi pa mtengo. Maenje 32 mungakumbe pansi pa mtengo wa mango, nkhomo 64 n'kutola, osalipira tambala. Kuno kandege kamodzi kosakwana pachikhatho kangagule ufa wa masiku angapo, ndipo munthu amabwera nato todzaza bokosi, mkazi kunyumba akudziwa theka lokha la mtengo wake.

Koma lula uja sakundichoka m'mutu. Lamulo lake likuti ukatalikira, nkhonya imafooka. Kuchokera kuno kufika ku Mulanje palibe lula amene angakwane. Randi imachoka kuno yonenepa, otumiza amadulapo yawo, ikafika imasanduka kwacha imene inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo pokafika pa thumba la feteleza yatsala mafupa. Munda wa amayi ku Muloza, umene namondwe Freddy anaukwirira ndi mchenga ndi miyala mu March 2023, sindikudziwa ngati khasu likulowanso. Pa foni amangoti zonse zili bwino, ndipo mawu amenewo ndi amene amandiopsa. Tonse tili kunofe kagudumu kathu tinasankha kale pa Wenela pokwera basi, n'kukavundikira. M'masewera aja kutembenukiratu n'kuyang'ana kumene wachokera n'kololedwa, koma amakuika chizindikiro choti wapanikizika. Pamenepo pokha, amene anawapangawo ngati anakhalapo pa Joni.

Chonde pitani mukaone mundawo ndi maso anu, mundiuze zoona, osati zondisangalatsa. Mufunsenso mtengo wa feteleza pa Limbuli mwezi usanathe, kuti ndidziwe ngati lendi ya kuno idikire. Ndipo bawo wanga wa thabwa uja musabwereketse aliyense. Nkhomo ndinasiya 64, ndidzawerenga.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
ku Joni