Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma musasiyire chitini

Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ananena zimenezi akutola nkhuni, ndipo nkhuni sizidziwa za Bank of Zambia. Ukatola khumi lero, mawa umazipeza zili khumi. Palibe amene amabwera usiku wa chaka chatsopano kudzafufuta maziro atatu pamtolo wako.

Ife mwambiwo tinaunyamula n'kuupititsa ku ndalama zachitsulo. Kuno ku Palabana, m'boma la Chongwe, mukangosuzumira kunsi kwa bedi la agogo mupeza chitini cha dzimbiri chimene chimafuna manja awiri kuti muchikoke. Mukafunsa, yankho ndi limodzi: "Zisiye mdzukulu wanga, zidzagwira ntchito." Zakhala zikudikira ntchitoyo kuyambira 1968, chaka chimene kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa paundi ndi sheleni.

Tiyeni tichite masamu, agogo asakumva. Pa 1 Januwale 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, K1,000 n'kusanduka K1. Ndiye kuti 10 kwacha yachitsulo ya 1992, ija imadzikweza m'thumba, inatsala ya mtengo wa 1 ngwee, ndalama imene pa makobidi atsopano kulibe n'komwe. Nanga 1 ngwee ya 1968, ya nkhope ya Kenneth Kaunda kutsogolo ndi nengo kumbuyo? Kuti mukwanitse kwacha imodzi ya lero mufunika zokwana 100,000. Iliyonse imalemera pafupifupi magalamu 2, kotero mukunena za makilogalamu 200, kulemera kwa matumba anayi a chimanga. Mtolo ndiye wakwanadi, mwambi sunaname. Kungoti mubwereke ngolo, ndipo mwini kantemba akakubwezani nawo.

Komabe sindikuti mutaye. Kulakwa kwa chitini n'kwakuti chimasonkhanitsa osasankha. M'katimo muli kobiri la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lobowoka pakati, la njovu ziwiri, lomwe linasiya kusulidwa chitaganyacho chitatha mu 1963. Muli tiki. Muli 2 ngwee ya chiwombankhanga, 20 ngwee ya mphoyo, mwinanso 50 ngwee ya mbali 12 ija. Muli za 1992 zopanda nkhope ya munthu, chifukwa chisankho cha 1991 chinali chitasintha zinthu. Zonsezi zikukhulana ndi misomali, mabatani a jekete ya malemu ndi kiyi wa loko amene anatayika kalekale.

Anthu a ku Palabana sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi. Pano pali sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe zamkaka, ndipo mlimi aliyense wozindikira amadziwa kuti ng'ombe imakhala ndi nambala kukhutu ndi tsamba lake m'buku. Kobidi nalo limafuna zomwezo: kathumba kakekake mu alubamu, ndi kapepala konena dziko, chaka ndi mtengo wake. Yambani ndi dziko, kenako zaka motsatizana, ndipo musiye mipata ya zimene mulibe. Mipatayo ndiyo idzakudzutsani m'mamawa kukacheza kwa azakhali amene simunawaone chimwalirire amuna awo. Chenjerani ndi chaka: makobidi oyamba a kwacha yatsopano anayamba kuyenda mu 2013, koma analembedwa 2012. Musakangane ndi mlamu wanu pachabe.

Tsopano nkhani yopweteka, ya ukhondo. Mayi wa pa Zambia akaona chitsulo chakuda, dzanja limapita lokha ku phulusa, mchenga ndi ndimu. Mayi, pepani, apa pokha dzigwireni. Kobidi lokwechedwa limawala masiku ochepa, koma mizere imene mchenga wasiya siichoka mpaka kalekale, ndipo odziwa kugula zakale akangoliona amagwetsa mtengo. Kuda kwakeko ndiko umboni wa zaka zake. Poligwira, gwirani m'mphepete ndi zala ziwiri, chifukwa thukuta la m'manja limasiya chidindo pamkuwa. Amene wangomaliza kudya nsima ya kapenta ayambe wasamba m'manja ndi kupukuta, ngakhale akhale mwini nyumba.

Alubamu nayo si iliyonse. Ya zithunzi za ukwati ija, ya masamba omata, isiyeni ndi akwati ake. Pulasitiki yofewa ya PVC ikakhalitsa imatulutsa zonanda zobiriwira zimene zimadya chitsulo, choncho pogula funsani masamba opanda PVC. Akasowa, timakatoni tating'ono tokhala ndi zenera pakati timagwira bwino ntchito, bola mawaya a sitepula muwaphwatalitse kuti asakande kobidi loyandikana nalo. Mdani wina ndi chinyezi cha dzinja. Makobidi a masiku ano ndi chitsulo chongokutira, maginito amawakoka, ndipo dzimbiri silichedwa kuwapeza. Ikani alubamu pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano.

Mdani wamkulu kwenikweni ali ndi miyendo iwiri ndipo amavala yunifolomu ya sukulu. Iye za nengo alibe nazo ntchito. Maso ake ali patsamba lomaliza, pamene mwaika K2 ndi K5 zachitsulo zimene zinatuluka pa 31 Malichi 2025. Zimenezo zimagulabe chitumbuwa. Mudzangopeza mpata umene simunausiye ndinu, mwana ali chete, milomo ili noninoni. Apa kiyi ndi wofunika, koma osati wa m'chitini uja.

Kodi mudzalemera nazo? Ayi, ambiri mwa makobidi amenewa anasulidwa ochuluka zedi, ndipo amene akukuuzani kuti kobiri lobowoka ligula galimoto akufuna mumugulire mowa. Chimene mudzapeze ndi mbiri ya dziko yoti mwana aitsegule ndi manja ake, kuchokera kwa atsamunda mpaka lero, popanda kudula chala pachitini.

Loweruka likubwerali kapempheni agogo mwaulemu, muyale chitenje pamkeka, mukhuthule chitinicho. Mukapeza 20 ngwee ya 1968 ili iwiri, imodziyo musunge bwino, ndikuifuna.