Kansalu ka Pampando, Mfumu ya Pabalaza

Kalendala ya dziko lino ili ndi malo a anthu ambiri. Pa 15 Januwale timakumbukira John Chilembwe, pa 3 Malichi anthu amene adafera ufulu, pa 15 Okutobala anakubala. Koma mpaka lero palibe phungu amene adaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupempha ngakhale theka la tsiku loti tilemekeze kansalu koluka kamene kamakhala pamsana pa mpando. Mlandu umenewu ndautenga ndine, chifukwa ndimakhala nako nyumba imodzi, ndipo ndikudziwa bwino kuti pakati pa ine ndi iko wamkulu ndani.

Maonekedwe ake mukuwadziwa kale. Lowani m'nyumba iliyonse ya malata ku Migowi, ku Chiringa, ku Mpasa kapena pa boma la Phalombe pomwe, mukakapeza kali phee, koyera kuti mbee, mwina kobiriwira kosakaniza ndi chikasu, pakati pake pali chinanazi cholukidwa bwino kuposa chomera ku Mulanje. Sikayenda kokha. Kamodzi pamsana pa mpando, tiwiri poika mikono, kena patebulo, kena pa wayilesi, kena pa kanema, ndipo kakang'ono kwambiri, ka mikanda m'mphepete, kali pa jagi ya madzi kulondera ntchentche. Mwa tonseti, ka pajagi kokha ndiko kamagwira ntchito yooneka ndi maso, n'chifukwa chake tinzake timakanyoza.

Musakaone kuchepa, kali ndi mbiri. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1800, azibambo adatengeka ndi mafuta odzola m'mutu otchedwa Macassar. Akatsamira pampando ankasiyapo chidindo cha mutu wonse, ndiye amayi a kumeneko adayamba kuyala tinsalu kuti mafutawo azithera pamenepo, mawa n'kungochapa. Kuluka mphasa, malichero ndi mitanga makolo athu ankakudziwa kalekale, koma kuluka ndi singano ndi ulusi kudafala ndi akazi a amishoni, kuyambira pamene Asikotishi adamanga mishoni ya Blantyre mu 1876. M'nthawi ya Kamuzu alangizi a zapakhomo, ena mwa iwo ophunzitsidwa ku Magomero, ankasonkhanitsa amayi m'midzi kuwaphunzitsa kusoka, kuphika ndi kuluka, ndipo bungwe la CCAM litabwera mu 1985 lidaonjezera moto. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a Chikatolika adapitiriza mpaka lusolo lidakhala lathulathu.

Choncho kansaluka kadalowa m'nyumba ngati wantchito, kuti kateteze mpando kwa munthu. Nzeru zake zili apa: kadakwezedwa pantchito osafunsira. Chinthu cholukidwa milungu ingapo, n'kuchapidwa pachokha, n'kuviikidwa m'madzi a ufa wa chinangwa kuti chiume gwa, n'kusitidwa, ndani angalole kuti mutu wathukuta wochokera kudimba ukagwerepo? Ndiye lero mpando ukutetezedwa ndi kansalu, kansalu kakutetezedwa ndi mayi a kunyumba, ndipo mwamuna amene adagulitsa nandolo ndi mpendadzuwa kuti agule mipandoyo amadyera nsima pachitsa pakhonde. Akadaulo a zachuma asakasake, sadzapeza njira yosungira katundu yoposa imeneyi. Mipando yanga ikadali yatsopano monga idachokera kwa kalipentala. Zidzukulu zanga zidzailandira ilibe banga, nazonso sizidzakhalapo.

Sikuti kukhala n'koletsedwa ayi, tisanamizire anthu. Choletsedwa n'kutsamira. Mawu ake ndi amodzi okha, amachokera kukhitchini ngakhale mwini wake sakukuonani: "Musatsamiretu, abambo." Ndiye munthu amakhala kunsonga kwenikweni kwa mpando, msana uli njo, manja ali pamaondo, ngati wodikira chigamulo pabwalo la agulupu. Ndaona amuna a ndevu zawo, oti kumsika akalankhula mavenda amakhala chete, akumwa tiyi m'kakhalidwe kameneka mpaka khosi kuuma. Ena amati matenda a msana achuluka. Ine ndimati ulemu wachuluka.

Kansaluka kamadziwanso kusanja alendo, ntchito imene kale inkavuta. Tinsalu toyera, tija tosungidwa m'sutikesi pamodzi ndi mtchatho wa ukwati, timatuluka abusa kapena abambo mfumu akamabwera. Apongozi amalandiridwa ndi tachikasu. Anzathu a kumpingo amapeza ta masiku onse. Koma alamu aja obwera kudzabwereka pampu ya njinga n'kuiwala kubweza, akangoti "odi" pabwalo, mwana amatumidwa msangamsanga kukachotsa tinsalu tonse, ndipo amakhala pampando wosavala. Palibe wawatukwana, palibe wawakaniza madzi akumwa, koma uthenga wafika. Alamuwo ndi okhawo amene amatsamira mwaufulu m'nyumba mwanga, ndipo nthawi zina ndimawasirira.

Kali ndi chizolowezi chinanso chimene ndimachikonda mobisa. Mlendo akaiwala n'kutsamira, kansalu sikadandaula. Kamangokakamira pa jekete lake, n'kutuluka naye. Mkulu wina wa mpingo, amene dzina lake ndilisunga, adayenda nako kumsana kuchokera kwathu mpaka pamsika, akupatsa moni anthu mwaulemu wake wonse, chinanazi chili pakati pa mapewa. Anthu a kuno ndi aulemu, palibe adamuuza. Adamuuza ndi mkazi wake kunyumba, ndipo funso loyamba silidali loti wapita kuti, koma loti waluka ndani, chifukwa m'mphepetemo mudali kalukidwe kachilendo.

Tinsaluti sitigwa kumwamba. Fakitale yake ndi kalabu ya amayi oluka, imene kwathu imakumana Lachitatu masana pansi pa mtengo wa mango, ndipo imasanduka banki m'khonde dzuwa likapendeka. Aliyense amabwera ndi kajumbo, n'kutulutsa chimene waluka sabata imeneyo, n'kuchiyendetsa m'manja mwa anzake. Khoti lake ndi louma mtima kuposa la majisitireti, koma simudzamvamo mawu oipa. "Koma ndiye mwayesetsatu, achemwali." Pamenepo dziwani kuti chinthucho chapendama. "Mwaluka nokha? Zikuonekadi." Pamenepo kamasuleni muyambirenso. Chikakhala chabwino zenizeni, palibe amayamikira. Onse amangoti zii, aliyense akuwerenga timfundo ndi chala, milomo ikugwedera, kuti akabe kalukidweko. Mabuku a mapatani kulibe, zonse zili m'mutu. Ndikudziwa mayi wina amene adapita kukazonda mnzake wodwala malungo, n'kukhala nthawi yonseyo maso ali patebulo, n'kutuluka osafunsa ngati wodwalayo wamwa mankhwala. Sabata yotsatira maluwa a patebulo aja adamera kwa iye.

Chimene chimachulukitsa tinsaluti ndi chikondi, ndipo chikondi chilibe mabuleki. Amayi a m'kalabu amapatsana zoluka pa chinkhoswe, pa ukwati, pa chikuta, ngakhale pongopepesana. Mphatso yotere siibisidwa, chifukwa woperekayo amakhala kuseri kwa mpanda womwewu ndipo angathe kutulukira nthawi iliyonse kudzapempha moto. Akapeza kuti kansalu kake sikali poonekera, nkhani ifika kwa ankhoswe. Ndiye kalikonse kayenera kupatsidwa malo. Mipando ikatha, timakwera pa kabati. Kabati ikadzaza, timapita pa ndowa, pa batire ya sola, pa Baibulo. Tsiku lina ndidagona masana pamkeka, ndipo podzuka ndidayamba ndadzigwira pachifuwa kuti ndione ngati sanandiyale.

Zipangizo zake nazo n'zoyenera ulemu. Phalombe ndi dziko la njinga: ndiyo imanyamula matumba, mbuzi, odwala ndi akwati. Koma si onse amene amadziwa kuti njinga ndiyonso mgodi wa masingano. Sipoko imodzi, ikanoledwa pamwala n'kupindidwa kangowe kunsonga, imaluka mofanana ndi singano ya m'sitolo ku Limbe. Mwamuna akaona gudumu lake layamba kuvina, asathamangire kunena misewu. Ayambe wawerenga masipoko.

Ulusi ndiye nkhani ina. Nkhosa kuno n'zosowa, ndipo ulusi umene timautcha wulu sudaonepo nkhosa chibadwire. Ndi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, umachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake udakwera phiri la Michesi osapuma. Koma amayi oluka sagonja kwa kwacha. Amapita pa kaunjika, n'kusankha juzi lalikulu la mzungu wonenepa, n'kulimasula lonse, ulusi n'kuukulunga mipira. Kaunjika akadula, amayang'ana m'nyumba. Juzi langa lofiirira lidasowa m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene munthu wanzeru zake safunsa za juzi. Ndidalifuna mu Juni, chiperoni chitatsika kuchokera ku mapiri a ku Mozambique ndi kamvula kake kosatha kaja. Ndidalipeza lili pabalaza, litagawidwa bwinobwino. Ine ndinkanjenjemera, wayilesi ili yofunda.

Apa ndisiye kaye nthabwala, chifukwa pali chimene chimandinyansa. Makina olukira majuzi ndi masokosi adayamba kalekale, William Lee adapanga oyamba ku England mu 1589, koma kuluka kwa singano ya kangoweku mpaka lero makina sakutha kukutsanzira bwinobwino. Kansalu kalikonse kamene mukukaona kadadutsa m'zala za munthu, mfundo imodziimodzi, nthawi zambiri usiku ndi kuwala kwa tochi, ana atagona. Ndiye abwere aneba, akatembenuze uku ndi uku, afunse mtengo, amve, n'kuseka: "Kaulusi komweka?" Omwewo sanenerera pogula mayunitsi. Akatero amakatenga pangongole, ndi lonjezo lotchuka la m'boma lino: "Ndikagulitsa nandolo." Chiyambire 2017, pamene India adachepetsa kugula nandolo mitengo n'kugwa pansi, lonjezo limeneli lapeza pobisala pabwino. Nandolo wagulitsidwa kangapo chichokereni nthawi imeneyo, aneba. Tidakuonani mukubwera kumsika ndi nkhuku pa hendulo. Kansalu kali pampando panu, timakaona pawindo.

Nanga mabwana aja? Amabwera pa galimoto zazitali, fumbi lili kobo, kudzayendera magulu a amayi. Amayi amasesa, amavala zitenje zofanana, amayala zoluka zawo zonse patebulo, amaimba mpaka mawu kusasa. Bwana amanyamula kansalu kamodzi, n'kukayang'ana mozondoka, n'kulankhula kwa ola lathunthu za kutukula amayi ndi za misika ya kunja imene ikubwera posachedwapa. Pomaliza amalandira seti yathunthu ngati mphatso, amajambulitsa, n'kupita kukasainira alawansi. Kugula ngakhale ka pajagi, ayi. Misika ya kunja ija mwina idasochera panjira, poti ndi yachilendo kuno. Chotonthoza mtima n'chakuti seti ija ikafika kunyumba kwa bwanayo, nayenso amauzidwa kuti asatsamire.

Ndisaiwale kuti manja omwewa amaluka zina zoposa tinsalu. Mwana wobadwa masiku asanakwane amataya kutentha msanga, makamaka kumutu, ndipo chisamaliro cha kangaru, chimene chidayambira ku Bogotá mu 1978 n'kufika ku chipatala cha Zomba mu 1999, chimafuna kuti mwanayo akhale pachifuwa cha mayi ake atavala kachipewa. Tizipewa timeneto tambiri timalukidwa ndi amayi ngati a pansi pa mtengo wa mangowa. Pamenepo ndimavula chipewa changa. Vuto n'lakuti sadziwa polekezera. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, wonenepa bwino, mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa cha Chilwa likuswa mtengo, mumupeza ali m'chipewa, m'juzi, m'masokosi ndi m'shawelo, zonse za mtundu umodzi, akungooneka mphuno. Mukati mulankhulepo, agogo ake amakuyang'anani n'kufunsa kuti mwabereka angati.

Chaka chino kwathu kwafika chitukuko. Fumbi la m'chilimwe lidayamba kudetsa tinsalu toyera tija, ndiye mayi a kunyumba adagula pulasitiki yoonekera mkati n'kukuta mipando yonse, tinsalu tili mkati. Ndidaganiza kuti ufulu wafika, kuti tsopano munthu angathe kutsamira popanda kuipitsa kanthu. Ndidatsamira. Pulasitikiyo idalira mpaka kukhitchini. Lachitatu lotsatira amayi a kalabu adabwera kudzaona, adazungulira mipando, adagwedeza mitu, ndipo tcheya wawo adati nzeruyo ndi yabwino ndithu, kungoti pulasitiki payokha ikuoneka yamaliseche, pakufunika kenakake koyala pamwamba. Onse adavomereza. Madzulo ake mayi a kunyumba adandifunsa mokoma, ndi mawu amene ndidawamva komaliza tili pachibwenzi, ngati juzi langa labuluu lija ndimalivalabe.