Tivule Zipewa kwa Kabokosi Koyera

Andale akhala akutilonjeza kuti tsiku lina tonse tidzakhala ofanana, koma amene anakwaniritsa lonjezoli mwakachetechete ndi kabokosi koyera mbee kamene kamandandalikana mukatsegula sitolo ya pa intaneti. M'menemo mulibe bwana. Firiji ya zitseko ziwiri ndi singano yosokera pamanja zimapatsidwa malo ofanana ndendende, mulitali ndi mulifupi chimodzimodzi. Ndi khoti liti linaweruzapo mwachilungamo chotere?

Ufumu umenewu uli ndi malamulo ake olembedwa. Kampani ya Amazon, imene Jeff Bezos anayambitsa ku America mu 1994, imafuna kuti kumbuyo kwa chithunzi chachikulu cha katundu kukhale koyera, ndipo kuyerako n'kochita kuwerenga: 255, 255, 255 pa muyezo wa mitundu wotchedwa RGB. Diso la munthu silingasiyanitse 254 ndi 255, koma lamulo silinafunse maganizo a diso. Katunduyo adzaze 85 peresenti ya chithunzi. Musalembepo mawu, musaikepo duwa lokongoletsa ngati duwalo simukuligulitsa. Mbali yaitali ifike mapikiseli 1,000 kuti wogula athe kuchikuza n'kuona ulusi wa nsalu. A eBay ndi ofatsako, amalandira 500.

Koma ulemu waukulu upite kwa munthu uja amene amakhala pakompyuta tsiku lathunthu, khosi litapindika, kuyendetsa mausi m'mphepete mwa katundu mu Photoshop kuti achotse khoma ndi tebulo zimene zinalowa nawo m'chithunzi. Kapu savutika nayo. Mupatseni wigi, muone mwamuna wamkulu akukambirana ndi tsitsi limodzilimodzi, ili likhale, ili lichoke. Botolo lagalasi limamuonetsa khoma lomwe akufuna kulichotsalo kudzera m'mimba mwake. Malaya oyera ndiye mwano weniweni: mukawaika pa 255 uja amangosungunuka, n'kutsala mabatani okha ndi kolala zikuyandama m'malere. Tsache la mpini wautali limakana kuimirira, limakananso kugona, mpaka kuligoneka chopingasa, kuchoka ngodya iyi kufika ngodya iyo. Akamaliza zithunzi zonsezo, abwana amangodutsa n'kunena kuti, “Achimwene, nsapato iyi ikuyang'ana kumanja pamene zinzake zikuyang'ana kumanzere.”

Agiriki akale anali ndi nthano ya Procrustes, mkulu amene ankagoneka alendo pa bedi lake lachitsulo. Mlendo akafupika ankamukoka mpaka akwanire, akatalika ankamudula miyendo. Munthu wina wotchedwa Theseus anamupha. Ine ndimati bamboyo anangofulumira kubadwa; lero akanalembedwa ntchito mosachita kufunsidwa satifiketi. Mzimu wake ukadali moyo m'mapulogalamu monga ImageMagick, amene mukawalamula kamodzi amadula zithunzi zankhaninkhani inu mukumwa tiyi. Pulogalamuyo ilibe tsankho. Ikauzidwa kuti isunge chapakati, imasungadi chapakati: ketulo imataya mlomo, mtsikana wovala diresi amataya mutu. Ikauzidwa kuti ikoke chithunzi mpaka chidzaze, wotchi yozungulira imatuluka ngati dzira.

Ena anafooka panjira. Instagram inayamba mu 2010 ikulola zithunzi za mbali zofanana zokha, koma pofika 2015 inagonja n'kutsegulira zazitali ndi zazifupi zomwe. Masitolo ambiri sanagwedezeke, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Zithunzi zikasiyana kukula, mizere ya pa tsamba imakhota, mitengo ya katundu imakwera ndi kutsika, ndipo wogula amayamba kukayikira ngati eni sitolo angamutumiziredi katundu akalipira.

Adani a kabokosika amakonda kutchula za mayi amene anaitanitsa poto atamuona atadzaza chithunzi chonse, akuganiza zophikiramo nsima ya banja lonse, n'kulandira kapoto kowiritsira dzira limodzi. Pepani mayi, koma kabokosi sikananame. Kanaonetsa poto, ndipo kwafika poto. Kukula kwake kunalembedwa pansi pa chithunzi, m'masentimita, m'timalemba timene inu munatidumpha pothamangira batani lolipirira.