Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, ngakhale ya waya

Makolo anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Ankachenjeza munthu wotchuka, yemwe bwalo lililonse likumufuna, kuti kutamandidwa kumathetsa msanga. Sankadziwa kuti tsiku lina ng'omayo idzamera waya kumbuyo, idzabwera pa basi kuchokera ku Joni, n'kuyamba maganyu kwa Katunga.

Sipika yosalira bwino ilibe mavuto. Imakhala phee kuchipinda, nkhuku n'kumaikira mazira pamwamba pake. Yolira bwino ndiyo yopanda tchuthi: Lachisanu chinkhoswe pa Dyeratu, Loweruka ukwati ku Nchalo, Lamulungu pepa sande kutchalitchi, Lolemba msonkhano wandale. Maulendo onsewa imayenda pa kabaza, itamangidwa ndi mphira, ndipo palibe dzenje la mumsewu lomwe silinailonjere.

Tembenuzani sipika yakale muone. Kumbuyo kuli maginito wakuda wobulungira, wopanikizidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Ambiri amaganiza kuti m'menemo muli mabawuti amphamvu, chonsecho m'masipika ambiri chagwira zonsezi ndi guluu basi. Pakati pali kampata kopapatiza momwe koyilo imavinira, kulowa ndi kutuluka, osakhudza chitsulo. Guluu akakalamba, bokosi likangogwa kamodzi, maginito amasendera pang'ono, chitsulo chapakati n'kutsamwitsa koyilo. Mawu amayamba kusasa, kenaka zii, mkwatibwi ali pakati pa bwalo, ndalama zikuponyedwa.

Mwini zoimbira amathamangira kuloza chala dzuwa. N'zoona kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuchigwa kuno kumadutsa madigiri 40. Koma maginito wakudayu amataya mphamvu zake zonse pa madigiri pafupifupi 450, ndipo dzuwa la ku Chikwawa, ngakhale likuyesetsa chaka ndi chaka, pamenepo silinafike. Chomwe kutentha kumatopetsa ndi guluu ndi koyilo, makamaka DJ akamvera mkulu wa mwambo wokuwa kuti "kweza!" ampu italira kale mosweka.

Mdani wina amagwira ntchito mwakachetechete. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Ana yemwe anawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, ndi a Freddy mu Malichi 2023, analowa m'nyumba zambiri. Anthu anathawitsa ana ndi chimanga, monga kuyenera, masipika n'kutsala pansi. Bokosi litauma, mwini wake analiyesa, linalira, iye n'kuyamika Mulungu. Koma dzimbiri linali litalowa kale pakati pa chitsulo ndi maginito. Dzimbiri limatupa, ndipo likamatupa limakanula guluu pang'onopang'ono. Sipika yotere imayembekezera ukwati wa mwana wa amfumu kuti ichititse manyazi bwino.

Palinso masipika akale kwambiri a maginito otchedwa alnico, osakaniza aluminiyamu, nikelo ndi kobalti. Nkhondo ya ku Kolwezi, m'dziko la Zaire, mu 1978 inakweza mtengo wa kobalti, ndipo makampani monga JBL anasamukira ku maginito wakuda uja. Alnico amafooka akamenyedwa ndi voliyumu yadzaoneni, mawu n'kuyamba kuonda osadwala. Ngati muli nayo sipika yotere, dziwani kuti mukusunga gogo, ndipo gogo savinitsidwa mchezo usiku wonse.

Mankhwala ake sadula. Bokosi likhale pa benchi, osati pansi, ndipo mvula ikayandikira likwere pamwamba kwambiri. Pa kabaza kapena pa ngolo, yalani kabulangeti, ndipo potsitsa agwire anthu awiri osaledzera. Musaisunge pafupi ndi owotcherera zitsulo, chifukwa maginito amakoka tizitsulo tonse n'kutilowetsa m'kampata kaja. Nthawi ndi nthawi, zoimbira zili zozima, kankhani pepala la kutsogolo pang'ono ndi zala zoyalidwa mofanana. Mukamva khwee, imani pomwepo, pitani nayo kwa mmisiri koyilo isanapse. Mukaona dzimbiri m'mbali mwa maginito, lichotseni, mupake guluu wolimba wosakaniza pawiri mozungulira pomwe chitsulo chakumana ndi maginito, asanasunthe. Ana nawonso muwayang'anire. Kwa iwo sipika yamoyo ndi maginito wokokera misomali yemwe wangochedwa kutuluka m'bokosi.

Chomwe mwambiwu umabisa n'chakuti ng'oma sidziimba yokha. Pali dzanja lomwe limaimenya, ndipo masiku ano dzanjalo lili pa voliyumu. Choncho a DJ, anthu akakuwa kuti mukweze, gwedezani mutu mwaulemu, gwirani batani ngati mukupotokola, koma musapotokole. Adzavinabe, ndipo Loweruka likubwerali mudzalandiranso ganyu.