Mkamwini wa kwa Mphenzi

Akuluakulu adati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ponena mawuwa sadali kuganiza za kompyuta, pakuti masiku amenewo chinthu chodya moto kwambiri pakhomo udali mphika wa nyemba. Koma mwambi wabwino sukalamba. Lero kuli anthu ovala mataye amene akumangitsa maukwati kwa mphenzi dzuwa likuswa mtengo, malowolo n'kupereka ndi ndalama za kampani, mawa lake n'kuyamba kudandaula kuti kwa apongozi kukung'anima.

Mudzi wa mphenziwo dzina lake ndi Nvidia. Uli ku Santa Clara m'chigawo cha California, ndipo nyakwawa yake ndi Jensen Huang, bambo uja sasiyana ndi jekete lachikopa ngakhale kunja kutenthe bwanji. Mu Malichi 2025, pamsonkhano wawo wa GTC ku San Jose, adatulutsa namwali watsopano, RTX PRO 6000 Blackwell. Ameneyu ndi graphics card, khadi lija amalilowetsa m'mimba mwa kompyuta kuti lizijambula zimene timaona pasikirini komanso kuwerengera masamu ankhaninkhani nthawi imodzi. Koma si khadi la achinyamata osewera magemu ayi. Ndi la mainjiniya, ojambula mapulani a nyumba ndi milatho, opanga mafilimu, ndi anthu a za AI, aja amaphunzitsa makina kuyankha ngati munthu. M'masitolo a ku America lidayamba kugulitsidwa pa madola pafupifupi 8,500. Mtengo umenewu ndi wa khadi lokha, popanda kompyuta, popanda sikirini, popanda ngakhale mpando woti ukhalepo ukamva chizungulire.

Chimene chikuwawa akamwini n'chakuti namwaliyu ali ndi mbale wake wa bere limodzi, GeForce RTX 5090, wamagemu, amene adatuluka mu Januwale chaka chomwecho pa madola 1,999. Awiriwa chip chawo n'chimodzi, GB202, chopangidwa ndi kampani ya TSMC ya ku Taiwan. Mwa wamagemuyo Nvidia idatsegula tizipinda towerengera masamu, totchedwa CUDA core, tokwana 21,760. Mwa wapantchitoyo idatsegula 24,064. Kusiyana kwa tizipindato ndi pafupifupi 10 pa 100, koma malowolo potuluka adasiyana kanayi n'kupitirira. Munthu akawerengetsa choncho amagwira pakamwa n'kufunsa ngati apongozi akumuyesa chitsiru.

Funsoli si lalero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makhadi apantchito akutchedwa Quadro, anyamata ochenjera ankagula GeForce wotchipa, n'kusuntha timaresista tingapo ndi chowotcherera, basi kompyuta n'kuyamba kumupatsa ulemu wa Quadro. Apongozi adatseka kampata kameneko kalekale, ndipo dzina la Quadro adalisiya mu 2020. Adalembanso m'malamulo a madraiva a GeForce kuti mwana wamagemu asapezeke akugwira ntchito m'ma data centre. Mudziwu umadziwa kusiyanitsa ana ake, ndipo kusiyanitsako ndiko kumadyetsa banja.

Nanga madola 6,500 apamwambawo akugula chiyani? Choyamba ndi memori. Wamagemu ali ndi magigabaiti 32, wapantchito ali ndi 96. Kwa munthu wolemba makalata manambalawa ndi nthano chabe, koma tengani pulogalamu ya AI ngati Llama ya kampani ya Meta, ija ya maparamita 70 biliyoni. Ukaifinya pang'ono kuti paramita iliyonse itenge baiti imodzi, imafuna malo pafupifupi magigabaiti 70. Mu 96 imalowa n'kutsala malo otambasulira miyendo. Mu 32 siingalowe pokhapokha mutaifinya kwambiri. Chimodzimodzi wopanga filimu amene akujambula mzinda wathunthu, nyumba iliyonse ndi mazenera ake, kapena injiniya amene watsegula pulani ya fakitale yonse mpaka kabawuti komaliza. Memori ikadzaza, ntchito imayamba kukwawa, mwinanso pulogalamu imangodzitsekera osatsazika.

Pamenepa pamadzuka mkulu wina wanzeru zake n'kuti, bwanji osangochita mitala? Kugula a 5090 atatu pamtengo umene adatulukira ndi madola pafupifupi 6,000, ndipo 32 katatu ndi 96 yemweyo. Masamu ake ndi oona, koma aliyense amene adakulira pamitala akudziwa kuti nkhokwe zitatu si nkhokwe imodzi. Khadi lililonse limasunga memori yake, ndipo mapulogalamu ambiri sadziwa kuphatikiza. Amene amadziwawo amataya nthawi kuyenda uku ndi uku kupereka mauthenga. Kuwonjezera apo aliyense mwa atatuwo amadya mawati 575, onse pamodzi 1,725, ndipo bokosi loti akhalemo mwamtendere muyamba mwalifunafuna.

Chachiwiri ndi ECC, njira yoti memori izigwira ndi kukonza yokha tizolakwika tongochitika mwangozi. Pagemu kadontho kamodzi kakasokonekera palibe amalira maliro. Pamasamu a mlatho amene kompyuta yakhala ikuwerengera kuchokera Lachisanu mpaka Lolemba, nambala imodzi yokhota ndi mlandu.

Chachitatu, chimene ambiri amachiiwala, ndi unkhoswe. Eni mapulogalamu monga SolidWorks, CATIA ndi Siemens NX amayesa makhadi apantchito pamodzi ndi madraiva ake n'kuvomereza kuti awa ndiwo timawadziwa. Zinthu zikavuta, kampani ili ndi koimba foni. Amene wagula wamagemu n'kumamugwiritsa ntchito ya muofesi ali paukwati wongolowana. Banja limatha kuyenda bwinobwino zaka zambiri, anthu n'kumasirira kuti mudapulumutsa ndalama. Koma tsiku la mkangano mukaimba foni, funso loyamba limakhala lakuti ukwatiwu adamanga ndani, ndipo foni imathera pomwepo.

Tsono tibwere kukung'anima kwenikweniko. Mkulu wake wa namwaliyu, RTX 6000 Ada wa mu 2022, adali ndi magigabaiti 48, ankagulitsidwa pa madola pafupifupi 6,800, ndipo ankakhuta ndi mawati 300. Watsopanoyu amafuna 600. Akagwira ntchito mwamphamvu maola 8, ndiye kuti mayuniti 4.8 a magetsi apita, iye yekha, kompyuta yonse tisanaiwerengere. Moto wonsewo sutha m'malere, umasanduka kutentha m'chipinda momwemo, kotero nyengo yozizira simufuna mbaula koma yotentha mufuna makina oziziritsa, amene nawo amadya magetsi. Power supply yakale ija muipumitse, bokosi lakale nalo mwina likana. Ndipo mawati 600 onsewo amadutsa pakapulagi kamodzi ka mapini 16. Mu 2022 eni ena a RTX 4090 adaonetsa dziko lonse zithunzi za mapulagi a mtundu umenewu atasungunuka. Apongozi adafufuza n'kugamula monga agamulira apongozi onse: wolakwa ndi mkamwini, sadalowetse pulagi mpaka kumapeto. Pambuyo pake kapangidwe ka pulagiyo kadasinthidwa pang'ono, mwakachetechete. Kwa amantha aliponso namwali wofatsa wa dzina lomwelo, Max-Q, wa memori yomweyo koma wa mawati 300. Amayenda mwaulemu pang'ono, koma pamalowolo musayembekezere chifundo.

Wina afunsa kuti kodi midzi ina kulibe anamwali? Aliko, ndiponso akhalidwe. AMD idatulutsa Radeon PRO W7900 mu 2023, wa magigabaiti 48, pa madola 3,999, ndipo mu 2025 idabweretsa Radeon AI PRO R9700 wa magigabaiti 32 pa madola 1,299. Intel nayo mu 2025 idatulutsa Arc Pro B50 wa magigabaiti 16 pa madola 349, wodya mawati 70 okha, wosafuna n'chingwe chake chomwe cha magetsi. Wojambula mapulani a nyumba zogona anthu akhoza kukhala naye ameneyu mpaka kukalamba osamva bingu ngakhale limodzi.

Komabe pamwamba penipeni pamsika, pamene pali magigabaiti 96 pakhadi limodzi lolowa m'kompyuta ya padesiki, Nvidia ikuvina yokha, ndipo chifukwa chake ndi chikamwini. Kuyambira 2007 kampaniyi yakhala ikupereka CUDA, zida zolembera mapulogalamu oyenda pamakhadi ake okha. Ophunzira m'mayunivesite adaphunzira pa CUDA, ofufuza adalemba ntchito zawo pa CUDA, makampani adamanga malonda awo pa CUDA. Mkamwini adamanga nyumba ya njerwa pamalo a apongozi, adadzala mango, ana adabadwira pomwepo. Lero akati asamuke, anyamula chiyani? AMD ili ndi zida zake zotchedwa ROCm ndipo zikukula ndithu, koma kusamutsa ntchito ya zaka zambiri kumadya miyezi ya malipiro a akatswiri, ndipo bwana akawerengetsa amapeza kuti kupirira bingu n'kotchipa.

Musaganizenso kuti mukakwiya mudzi ugwedezeka. M'chaka chake cha zachuma chothera mu Januwale 2025, Nvidia idapeza madola 130.5 biliyoni. Mwa ndalamazi, 115.2 biliyoni zidachokera ku ma data centre, pamene makhadi apantchito ngati limeneli adabweretsa 1.9 biliyoni yokha. Mu Julaye 2025 idakhala kampani yoyamba padziko kufika mtengo wa madola 4 thililiyoni pamsika wa masheya. Inu amene mwatuluka thukuta ndi madola 8,500, kumudziko ndinu mkamwini wokhala kumapeto kwa mphasa. Nyama ya m'mbale yaikulu ikupita kwa ogula makina masauzande nthawi imodzi.

Ndiye khadili n'lokwera mtengo kapena ayi? Kwa situdiyo imene ikulipira akatswiri kuti azikhala manja m'thumba kudikira kompyuta imalize, n'lotchipa, pakuti maola opulumutsidwawo amabweza ndalama. Kwa chipatala kapena ofesi ya maloya imene ikufuna AI koma siingalole zinsinsi za anthu kutuluka pakhomo, n'loyenera. Anthu amenewa alipire, agule ndi zoziziritsira zomwe, ndipo asatisokose ndi madandaulo a bilu ya magetsi, chifukwa adadziwa kumene ankafunsira mbeta. Koma aliponso bwana uja ntchito yake ndi Excel, Zoom ndi Facebook, amene akufuna khadili kaamba koti mnzake wa kampani ina ali nalo. Ameneyo adzamva bingu lonse popanda dontho la mvula.

Musanatume ankhoswe, tsegulani ntchito yanu yolemetsa kuposa zonse muone memori imene ikudya. Ngati siikufika magigabaiti 32, sungani ndalama zanu. Ngati imapitirira kamodzi pamwezi, bwerekani makina a paintaneti olipira pa ola. Ngati imapitirira tsiku ndi tsiku, gulani, ndipo pulagi ija muikankhe mpaka imveke kuti thwa.