Kwabwera Msipanishi: Zomwe Zikumveka M'tauni

Nkhani yomwe ili m'kamwam'kamwa kwathu kuno sabata ino si ya mafuta a galimoto kapena mtengo wa shuga. Ndi ya mlendo. Landilodi wina wa kuseri kwa msika adauza anthu kuti m'nyumba yake yaing'ono ija mukulowa munthu wochokera kunja, wodzagwira ntchito ya zamadzi, ndipo chiyankhulo chake ndi Chisipanishi. Adangonena zokhazo basi. Zotsalazo anthu adamalizitsa okha, mlendoyo asanamuone n'komwe.

Kometera kwa anyamata a pasiteji, komwe khoma lonse lidadzaza ndi zithunzi za Real Madrid ndi Barcelona, mlandu sudachedwe kugamulidwa: munthuyo ndi wampira. Wometa adalengeza kuti Loweruka akamutenga akalimbitse timu ya m'dera pa bonanza. "Asipanishi onse amabadwa mpira uli kuphazi, amwene," adatero, makina ali m'manja, n'kuyamba kuwerenga pa zala: Messi, Ronaldo, Neymar, Vinícius, Mbappé. Onse adagwedeza mitu, kupatula yemwe adali pampando, poopa kulengedwa dazi.

Pa asanu amenewo, wokulira m'nyumba yolankhula Chisipanishi ndi mmodzi yekha, Messi, ndipo naye si wa ku Spain. Adabadwira ku Rosario, m'dziko la Argentina, mu 1987. Ronaldo ndi Mpwitikizi wa pachilumba cha Madeira. Neymar ndi Vinícius kwawo ndi ku Brazil, komwe amalankhula Chipwitikizi ngati anansi athu a ku Tete, pomwe Mbappé ndi wa ku France. Koma kometerako lamulo ndi limodzi: ukangovala jezi ya La Liga, wasanduka Msipanishi.

Mnyamata wina wa Fomu 4, yemwe ankadikira nthawi yake, adayesa kusokoneza bwalo. Adati ngati akufuna osewera enieni a timu ya Spain, atchule Lamine Yamal, yemwe bambo ake ndi a ku Morocco, mayi ake a ku Equatorial Guinea. Atchulenso Nico Williams, mwana wa makolo a ku Ghana, yemwe mkulu wake Iñaki amasewerera Ghana yomweyo. Pa ndime yomaliza ya Euro 2024, Yamal ndiye adapatsira mpira womwe Williams adagoletsa chigoli choyamba pomwe Spain idagonjetsa England 2-1. Wometa adaima kaye, n'kuganiza, kenaka adapeza pothawira: "Ndiye kuti akutibera osewera." Mnyamatayo atawonjezera kuti ku Barcelona anthu ambiri kunyumba amalankhula Chikatalani, kuti mu 2017 adachititsa chisankho chofuna kudzipatula ku Spain mpaka boma la ku Madrid lidatumiza apolisi, komanso kuti ku Bilbao kuli Chibasiki chomwe sichifanana ndi chiyankhulo china chilichonse, adauzidwa kuti sukulu ikumuwononga.

Ku saluni nkhani idali ina. Kumeneko Asipanishi amawadziwa kudzera pa Telemundo, ndipo amawadziwa mpaka kuchipinda. Mlendoyo, malinga ndi amayi ndi atsikana akumeneko, ndi mwamuna wamtali, watsitsi lonyezimira, wovala shati yosamanga mabatani atatu am'mwamba. Kwawo ali ndi famu ya mahatchi, mkazi wobisika, ndi m'bale wake wamapasa yemwe aliyense akuganiza kuti adafa pangozi ya ndege. "Asisi, amenewo kukonda amadziwa, koma nsanje!" adatero woluka mesh, akukoka tsitsi la kasitomala mpaka maso kutong'oka. Wina adachenjeza kuti vuto si mwamunayo koma apongozi, chifukwa sadaonepo mpongozi wachisipanishi wopanda botolo la poizoni m'kachikwama.

Palibe adafuna kumva kuti likulu la Telemundo lili ku Miami, ku United States, kapena kuti Chingerezi chomwe timamvacho n'chochita kuikamo pambuyo pake, n'chifukwa chake milomo ndi mawu zimayenda njira zosiyana. Ku United States komweko kuli anthu oposa 40 miliyoni omwe kunyumba amalankhula Chisipanishi. Chomwe chimandisekesa ine ndi nkhope za m'masewerowa. Olemera onse ndi oyera mbuu, ena a maso obiriwira, pomwe nkhope zomwe mungakumane nazo pamsika ku Guatemala, ku Bolivia kapena kum'mwera kwa Mexico zimangoonekera zikabweretsa tiyi pathireyi. Mayi wina wachikulire, mutu uli mu dilaya, adakuwa kuti amuna a kumeneko salola mkazi kutsogolera ngakhale pemphero. Mayiwa sadamve kuti Mexico idasankha Claudia Sheinbaum, katswiri wa sayansi, kukhala pulezidenti mu 2024, kuti Chile idasankhapo Michelle Bachelet kawiri, ndi kuti Nicaragua idasankha Violeta Chamorro kalekale mu 1990. Mu dilaya simumveka zambiri.

Mu minibasi ya m'mawa, kondakitala adali ndi nkhawa. Iye sukulu yake ndi vidiyo sho, ndipo mphunzitsi wake wamkulu ndi Pablo Escobar. "Landilodi uja asamale, bigi. Anthu amenewo ndi a mankhwala ozunguza bongo. Tsiku lina adzangoona helikopita padenga." Escobar adaphedwa ku Medellín mu Disembala 1993, kondakitalayo asanabadwe, ndipo yemwe adasewera ngati iye mu sewero la Narcos ndi Wagner Moura wa ku Brazil, yemwe Chisipanishicho adachita kuphunzira chifukwa cha sewerolo. Kunena zoona, kokeni wambiri padziko amachokeradi ku Colombia, ndipo wapha anthu osawerengeka. Koma dzikolo lili ndi anthu oposa 50 miliyoni, limatchuka ndi khofi, pogulitsa maluwa kunja limangopambanidwa ndi Netherlands yokha, ndipo lidabala mlembi Gabriel García Márquez yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1982. Bambo wina kumbuyo adafunsa kondakitala ngati iyenso amagulitsa chamba, poti cha ku Malawi chidatchuka mpaka kunja. Minibasi yonse idafa ndi phwete. Kondakitala adayankha potikumbutsa kuti chenje alibe.

Pabawo, pansi pa mtengo wa mango, madala adagwirizana kuti anthuwa ndi aulesi. Umboni wake ndi woti masana amatseka mashopu n'kukagona. Chigamulochi chidaperekedwa Lachiwiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndi amuna amphamvu zawo omwe adakhala pamenepo kuyambira 7 koloko. Mkulu wina yemwe adapuma ntchito ya uphunzitsi, wa jogalafe, adayesa kuwongola. Adati m'matauni ang'onoang'ono a kum'mwera kwa Spain amatsekadi masana chifukwa dzuwa la mu Julaye limafika madigiri 40, koma amatsegulanso mpaka usiku. Adatinso wotchi ya ku Spain ili patsogolo pa dzuwa chifukwa mu 1940 Franco adaisuntha ndi ola limodzi, ndipo mpaka lero nkhomaliro amadya cha m'ma 2 koloko, mgonero cha m'ma 9 kapena 10 usiku. Mmodzi wa madalawo adadabwa kuti woimba gitala wa ku Congo adalowerera bwanji pa nkhani ya mawotchi. Padatenga nthawi kuti amvetse kuti uyu ndi Francisco Franco, msilikali yemwe adalamulira Spain mwankhanza mpaka imfa yake mu 1975, osati wa TPOK Jazz.

Za ng'ombe ndiye zidawapweteka mtima kwambiri. Mdala wina wa ku Chikwawa sadamvetse kuti munthu wanzeru zake angatenge nkhunzi yonenepa, yoti n'kulipirira ana atatu sukulu, n'kumaiseweretsa ndi nsalu yofiira anthu akuomba m'manja. Za ku Pamplona, komwe mwezi wa Julaye anthu amathamanga m'misewu ng'ombe zili pambuyo, adangoti kumeneko kukufunika mapemphero. Mphunzitsi uja adati maiko ambiri olankhula Chisipanishi sachita nawo masewerowa, nyumba ya malamulo ya ku Catalonia idawaletsa mu 2010 ngakhale khothi lidadzathetsa chiletsocho mu 2016, ndipo Colombia idakhazikitsa lamulo lowathetsa mu 2024. Mdalayo adati ndiye kuti a ku Colombia ndi anthu.

Kutsutsa galu n'kukumba. Lachisanu mlendo uja adatulukira pamsika, ndipo tauni idagwa ulesi. Ndi mayi, wamfupi, wakhungu loderako, tsitsi lakuda bii loluka chingwe chimodzi chofika m'chiuno. Mphepo ya mu Juni ili fiii, tonse tili m'majekete, iye adangovala kabulauzi. Kwawo ndi ku Peru, kufupi ndi Cusco, mzinda womwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, kutanthauza kuti amagona ndi kudzuka pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002. Mpira saonera. Foni italira, adayankha m'chiyankhulo chomwe mtsikana wina wa ku saluni, katswiri wa Telemundo, adalumbira kuti si Chisipanishi, ndipo adalondola: ndi amayi ake amalankhula Chikechuwa, chiyankhulo cha ufumu wa Inca chomwe anthu mamiliyoni akulankhulabe m'mapiri a Andes. Adaima pabenchi ya mbatatesi, n'kutola imodzi, kuitembenuza, kuikanda pang'ono ndi chikhadabo, n'kufunsa m'Chichewa chothyokathyoka kuti ilipo mitundu ingati. "Iwiri, amayi, yofiira ndi yoyera. Yonse ya ku Dedza," adatero wogulitsa monyadira. Mlendoyo adamwetulira mwaulemu n'kugula mulu umodzi. Kwawo mitundu ya mbatatesi imaposa 3,000.

Pofika madzulo tauni idali itagamula kuti landilodi adatinamiza. Ena adati ndi Mtchaina, ena mmwenye, koma onse adagwirizana kuti si Msipanishi weniweni. Apa mphunzitsi uja adapeza mpata womwe wakhala akuudikira chipumireni ntchito. Adakhala pa bala ya pakona ndi botolo limodzi lomwe lidatha maola atatu, n'kuyamba. Chisipanishi ndi chiyankhulo cha boma m'maiko 20, ndipo ochiyamwira ali pafupifupi 500 miliyoni. Mexico yokha ili ndi anthu oposa 125 miliyoni, pomwe Spain ili ndi pafupifupi 50 miliyoni. Choncho pa anthu khumi olankhula Chisipanishi, wa ku Spain ndi mmodzi. Peru yomweyo idalamulidwapo ndi Alberto Fujimori, mwana wa makolo a ku Japan, kuyambira 1990 mpaka 2000. Papa Francis wa ku Buenos Aires bambo ake adachokera ku Italy. Shakira, yemwe tidavina naye mu 2010, ndi wa ku Barranquilla koma magazi a kuchimuna ndi a ku Lebanon. Ku Paraguay anthu ambiri amalankhula Chigwarani, ndipo boma limachilemekeza mofanana ndi Chisipanishi.

Atafika pa anthu akuda, bala idakhala chete. Zombo za akapolo zinkatsitsa Aafirika ku Cartagena ndi ku Havana kwa zaka mazana. Kufupi ndi Cartagena kuli mudzi wa San Basilio de Palenque womwe adamanga akapolo othawa, ndipo chiyankhulo chawo mpaka lero chili ndi mawu a Chikongo. Mu 2022 Colombia idasankha mayi wakuda, Francia Márquez, kukhala wachiwiri kwa pulezidenti. Ndipo muno mu Afirika momwe muli dziko lolankhula Chisipanishi, Equatorial Guinea, lomwe lidalandira ufulu kuchokera ku Spain mu 1968. Mlamu wina wa ku Chipata adadzuka pomwepo kukumbutsa anthu kuti Chipolopolo idakawachinya 1-0 ku Malabo komweko mu 2012, paulendo wokatenga chikho cha Afirika. Adabwereza nkhaniyo katatu, mpaka wina adamugulira botolo kuti akhale pansi.

M'sipika munkamveka rumba, ndipo mphunzitsiyo adaloza chala komweko. Adati nyimbo za ku Cuba zidafika ku Kinshasa ndi ku Brazzaville pa mbale za galamafoni m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, oimba akumeneko adazimva ngati zakwawo chifukwa ng'oma zake zidapita ku Cuba ndi akapolo a ku Kongo, ndipo pamenepo ndi pomwe padaphukira rumba yomwe UNESCO idaiika m'kaundula wake mu 2021. Izi anthu adazilandira bwino. Ena adadzuka n'kuvina, ati kulandira katundu wobwerera.

Zinthu zidavuta atakhudza nsima. Mphunzitsiyo adati chimanga chidayamba kulimidwa kum'mwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo ku Afirika chidafika pa zombo chaka cha 1500 chitadutsa. Makolo athu akale nsima yawo idali ya mapira ndi mawere. Adapitiriza: tomato, tsabola wa kambuzi, nyemba, mapeyala, mapapaya, chinangwa, mtedza, mbatata, ngakhale fodya yemwe amatibweretsera ndalama zakunja, zonsezi kwawo ndi ku maiko a ku America. Adatinso a ku Mexico chimanga amayamba achiphika m'madzi a laimu kapena a phulusa, ngati chidulo chathu cha therere, asanachipere n'kupanga timikate topyapyala ta tortilla, ndipo njira imeneyi imawateteza ku matenda a pellagra.

Bala idaphulika. Za Ronaldo anthu adapirira, za Telemundo adakhululuka, koma zoti chimanga n'chobwera, ayi. Bambo wina adamenya tebulo n'kunena kuti agogo a agogo ake adafa akudya mgaiwa, ndipo palibe wa ku Mexico adabwera pamaliro. Wina adafunsa kuti ngati chimanga n'chawo, bwanji sadziwa kuphika nsima? Mwini bala adakweza wailesi, mphunzitsi adamaliza botolo lake lofunda lija n'kutuluka chamchira, akulonjeza kudzabwera ndi mapu.

Ali panjira adandinong'oneza chomwe adasiya dala: ku Mexico kuli mitundu ya chimanga cha makolo pafupifupi 60, ndipo china mwa icho n'chabuluu. Inu mwawerenga, mwadziwa. Koma chonde, zabuluuzo musakaziulule ku bala kuja. Mphunzitsi wathu ndi wamkulu, mawondo adatha, sangathe kuthawa.